Kulapa kwa Mayi Callista pa Kaseti

Achimwene anga a Laimoni si munthu woipa. Ndiyambe ndanena zimenezo, chifukwa ndikafika pakati pa nkhaniyi ndimapsa mtima ndipo ndimaiwala kuzinena. Ine ndine Stelia, mlongo wawo wowaponda pamutu. Kwathu ndi kuno ku Dambe, kumtunda kwa Neno, kumene timalima mbatatesi ndi tirigu m'mapiri.

Zaka zambiri achimwene anali mtsogoleri wa mapemphero pa katchalitchi kathu ka Katolika. Wansembe ankachokera ku parishi, kumunsi kwa mapiri onsewa, ndipo ankabwera msewu ukalola. Masabata ena onse anali a Laimoni. Ndiwo ankamenya chitsulo cha gudumu la galimoto chimene tinkachitcha belu, ndiwo ankawerenga Mawu, ndiwo ankapempherera maliro. Mowa sankamwa, mlamu wanga sanamuikepo dzanja. Matenda awo anali makina ndi nkhani zodabwitsa, basi.

Matipate atangobwera, nyuzipepala zinachuluka ngati bowa, aliyense kulemba zake popanda womugwira pakamwa. Kuno sizinkafika zatsopano ayi. Zinkafika zitakulunga sopo, mandasi ndi usipa. Ena ankasonkhera moto, ena ankapichirira fodya, koma achimwene ankaziwongola bwinobwino n'kuziika pansi pa mphasa. Lamulungu mapemphero akatha, anthu asanabalalike, ankatulutsa kapepala ka mafutamafuta n'kuyamba kutiwerengera. Ng'ombe yobadwa ndi mitu iwiri. Mkulu wina amene anagwa pa lichero pa denga la eni ake ali maliseche. Mbuzi imene akuti inkakana chimanga cha anthu a chipani china. Achimwene ankaseka mpaka kupukuta misozi, n'kumati, "Koma anthu awa, manyazi alibe eti?" Tonse tinkaseka. Palibe amene ankaganiza kuti anthu a m'mapepalawo ali ndi alongo awo.

Ndiye kunabwera wailesi. Anaitenga ku Lisungwi kwa munthu wa ku Mozambiki amene ankabwerera kwawo nkhondo itatha, anasinthanitsa ndi mbuzi ya mkota. Mlamu wanga anawasunga osawalankhula mpaka mtima unatsika wokha. Inali yaikulu, ya masipika awiri, yokhala ndi pa kaseti. Kunena zoona inathandiza anthu. Anajambula kwaya yathu, tinadzimva tokha koyamba, tinachita manyazi ndi mawu athu. Amayi okalamba osadziwa kulemba ankabwera kudzalankhula m'kaseti uthenga wopita kwa ana awo ku Joni, mawu n'kukafika ndi kulira komwe.

Chimene chinasokoneza mutu wa achimwene chinali cha Khirisimasi. Wansembe wina anatiuzapo kuti Apapa akamadalitsa dziko lonse pa Khirisimasi, womvera pa wailesi ndi mtima wopemphera amalandira dalitsolo monga amene waima pamaso pawo. Achimwene anazigwira zimenezo ndi manja awiri. Masana a Khirisimasi anakwera nayo wailesi pa chulu, kupotokola kabatani uku ndi uku mpaka anapeza siteshoni ya kunja imene inkangoti phwee, phwee, mawu a munthu kumveka patali. Anatigwaditsa tonse m'matope. Titadzuka anati, "Mwaona? Chisomo chimayenda m'waya." Ine ndinangoyang'ana chitenje changa chatsopano chili matope okhaokha.

Tsopano ndinene za mayi Callista. Anali mnzawo wa malemu amayi athu, mkazi wamasiye, wamtali, wosaseka chisawawa. Ife tonse chizindikiro cha mtanda tinaphunzira kwa iwo, kakamtengo kali m'manja. Ndiwo ankachapa nsalu za pa guwa, n'kuzisita ndi simbi ya makala, osalola wina kuzikhudza. Ndiwo ankatsogolera amayi a bungwe la Lejio kukaona odwala. Mtsikana akavala siketi yaifupi, mayi Callista sankalankhula, ankangomuyang'ana, mtsikanayo n'kubwerera yekha kukasintha. Chuma analibe, ana awo anamwalira ali aang'ono. Chimene anali nacho m'mudzi muno ndi dzina.

Chaka chimenecho Lenti inayamba ndi mvumbi wosatha. Kamlatho ka mitengo kanakokoloka, msewu unasanduka phala, wansembe anali asanaponde kuno chiyambire mvula. Mayi Callista anagwidwa ndi chifuwa. Kuchipatala anawapatsa mankhwala n'kuwabweza, ndipo aliyense anaona kuti sadzukanso. Ine ndinkakhala nawo masana, kuwaphikira phala ndi kuwatembenuza.

Imfa sankaiopa. Ankaopa kufa osalapa. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Stelia, pali chinthu chimene sindinauzepo wansembe aliyense. Ndinkafika pamenepo, lilime n'kuuma. Ndikapita nacho chimenechi, ndatayika." Ndinathamanga kukauza achimwene kuti atume munthu ku parishi.

Achimwene anakanda mutu. Anati kutuma munthu n'kosavuta, koma njinga yamoto ya wansembe singakwere phiri lino, ndipo wansembe angakhale ali ku nthambi zina. Kenako ndinaona nkhope yawo ikuwala, ndipo mtima wanga unati phaa, chifukwa kuwala kumeneko ndinkakudziwa.

"Ngati dalitso la Apapa limatsika pa wailesi," iwo anatero, "machimo angalephere bwanji kukwera pa kaseti? Amayi alankhule mbali imodzi. Ine nditsika nayo, Abambo amvera paokha m'chipinda, n'kuyankha chikhululukiro kuseri kwake. Mawa lomwe ndabwera nacho."

"Achimwene, mutu wanu ukuyenda bwino?" ndinatero ine. "Munamvapo kuti zimenezo?"

"Iwe Stelia, zinthu zatsopano zimayamba ndi munthu mmodzi."

Ndinawauza kuti sindikufuna kumva, koma iwo anapita kwa mwini wake. Mayi Callista anawayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa chinthu chimodzi chokha: "A Laimoni, amva ndi Abambo okha?" Achimwene anagwira pamtima, anati, "Okha, amayi. Ngakhale ine sindimva." Munthu amene akumira sasankha, anavomera.

Ndipo ndisawanamizire, mwambo anausunga. Anaika wailesi pa mpando pafupi ndi mphasa, anayatsa kandulo, anapachika chitenje pakati pa wodwala ndi wailesiyo kuti pafanane ndi polapira. Anadina mabatani awiri aja, natithamangitsa tonse mpaka pa mtengo wa mapichesi. Iwo anaima pabwalo, mvula ikuwakhuthukira, zala zili m'makutu, akuimba nyimbo ya Lenti mokweza kuti wodutsa asamve kanthu. Kuimba sadziwa, ndinene. Agalu anayamba kuuwa. Mayi Callista atagogoda ndi kapu pa mpando, achimwene analowa, anazimitsa, anakulunga wailesi m'thumba la feteleza.

Nditalowa ine ndinawapeza amayiwo akulira, koma nkhope itapepuka. Anati, "Ndachitula, mwana wanga. Zaka zonsezi." Tsiku limenelo anadya phala lonse.

M'mawa mwake achimwene anabereka wailesi kumsana n'kutsika phiri wapansi. Zimene zinachitika kumeneko sindinazione ndi maso, koma ndazimva kwa iwo eni, kwa a Yakubu a sitolo, ndi kwa anthu ochuluka kuposa amene ndinkafuna.

Mabatire anali atatheratu. Kuno batire ikafooka timaiyanika padzuwa, koma dzuwa linali kuti ndi mvumbi umenewo? Sabata yonse achimwene ankamvera nkhani atakweza mawu mpaka kumapeto kuti amveko pang'ono, ndipo kabatani ka mawu kanatsala pomwepo. Ali m'njira anabisala mvula pa chisakasa china, anatulutsa kaseti, anaibweza poyambira ndi bolopeni monga tinkachitira posunga mabatire, kuti Abambo asakavutike. Anaibwezera m'malo mwake. Zonse anakonza bwino, mwamva.

Atafika pa Neno analowa m'sitolo ya a Yakubu kukagula mabatire atsopano. A Yakubu ndi Msilamu, munthu wamkulu, wofatsa, amene aliyense wotsika kumapiri ankagula kwa iwo. Linali tsiku la msika. Pakhonde la sitoloyo panali podzaza anthu obisala mvula, ndipo pakati pawo panali amayi a m'mudzi mwathu muno amene anatsika ndi madengu a mbatatesi.

Tsono aliyense amadziwa kuti batire sugula osayesa. Umapereka wailesi pa kauntala, wogulitsa amaika yekha n'kutsegula kuti nonse mumve mphamvu yake, pasadzakhale zonenana. Achimwene anachita zimene ankachita nthawi zonse. Anapereka wailesi, iwo n'kutuluka pakhonde kukafinya jekete lawo, akunjenjemera ndi kuzizira. A Yakubu anaika mabatire, anadina batani lalikulu limene analizolowera.

Mawu anatuluka mwamphamvu mpaka malata kunjenjemera. "Mundidalitse Bambo, chifukwa ndachimwa." Anali mawu a mayi Callista, ndi kachifuwa kawo komwe.

Apa ndi pamene ndimafuna kuswa chinthu. Munthu wina aliyense akanathamanga kukazimitsa. Panali pafupi, kungolowa pakhomo basi. Koma achimwene anga, mtsogoleri wa mpingo, atangomva mawu oyambawo, chinawabwerera ndi lonjezo lawo lija lakuti ngakhale iwo samva. Anataya jekete, anabaya zala m'makutu, anatsinzina, anayamba kuimba nyimbo yawo ya Lenti ija. Manja awiri okha amene Mulungu anawapatsa, onse anapita m'makutu! Pakati pa nyimbo ankakuwa kuti, "Zimitsani! Zimitsani!" koma ndani akanadziwa kuti akunena chiyani? Anthu anaseka, ankayesa agwidwa ndi mizimu. A Yakubu ankayesa ndi sewero la pa wailesi, ankangogwedeza mutu kuti mabatire ndi abwino.

Kaseti inkayendabe. Kuseka kunayamba kuchepa. Mmodzi wa amayi a mbatatesi aja anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Mayo, awa si mayi Callista awa?" Pamenepo a Yakubu anayang'ana nkhope za anthu, anayang'ana achimwene, anazindikira kuti si sewero. Sanafune n'komwe batani, anatembenuza wailesi n'kugwetsa mabatire onse pansi. Koma chachikulu chinali chitatuluka kale.

A Yakubu anatuluka pakhonde, anati, "Abale anga, izi si zanga, si zanunso. Mayiyu amalankhula ndi Mulungu wake. Amene wamva sanamve." Anagwira achimwene pa phewa, anawachotsa zala m'makutu ngati mwana. Mulungu awadalitse a Yakubu, anayesetsa. Koma pakamwa pa anthu a pa msika sipatsekeka ndi pempho.

Ku parishi achimwene anapeza Bambo Mathews, wansembe wachinyamata amene anali atangobwera kumene. Achimwene anaika kaseti pa tebulo n'kufotokoza nzeru yawo, ndi za Apapa zomwe. Abambo sanaikhudze n'komwe.

"A Laimoni," anatero, "dalitso lili ngati mvula, ikagwa aliyense anyowe. Kulapa si choncho. Pamafunika munthu ndi wansembe, ali pamodzi. Ine ndiifunsa bwanji kaseti? Dzanja langa ndiliika pamutu pa ndani? Nanga ikanagwa m'njira, wina n'kuitola?"

Achimwene anagwada. Anati, "Abambo, zoposa pamenepo zachitika kale." Anafotokoza za m'sitolo muja.

Akuti achimwene analakalaka Abambo akanangowamenya mbama. Koma Abambo anangotenga kasetiyo, anapita nayo kukhitchini, anasolola tepi yonse n'kuiponya pamoto. Anati aliyense amene wamva kulapa kwa mnzake, ngakhale mwangozi, wamangidwa pakamwa monga wansembe, mpaka kumanda. N'chifukwa chake inunso musayembekeze kuti ndikuuzani zimene mayi Callista ananena. Ndikuzidziwa, koma simuzimva kwa ine. Anati mawa kukacha akwera limodzi phirilo wapansi, ndipo anawonjezera kuti, "Koma owauza amayiwo ndinu, ine ndisanalowe."

Amayi a mbatatesi sanadikire mawa. Anafika m'mudzi dzuwa lisanalowe, ndipo pamene ndinkapita kukatunga madzi nkhani inali itandidikira kale pa chitsime. Sindinafunse, anangondithira m'khutu. Ndinawatukwana, ndinawauza kuti pakamwa pawo padzawola, koma kumva ndinali nditamva. Ndinabwerera ndi ndowa yopanda madzi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Ndinkaona ngati aliyense akuloza kuti uyo mlongo wake wa wailesi.

Kutacha, alendo anayamba kufika kwa mayi Callista. Anthu amene chiyambire matenda sanapondepo pakhomopo, lero ati tabwera kudzazonda. Ankalowa, kukhala chapatali, kuwayang'ana amayiwo mwachilendo, kutuluka. Ena ndinawabweza ndi tsache. Mwini wake sankadziwa kanthu. Anandiuza kuti ndiwasambitse, ndiwaveke chitenje chawo cha Lejio ndi mpango woyera, ndiwapatse korona wawo wopempherera m'manja, chifukwa sangamvere chikhululukiro chawo ali ngati wopempha.

"Stelia, lero anthu achuluka bwanji? Kodi ndikuoneka kuti ndikupita?"

Ndinati, "Mvula yakata, amayi, n'chifukwa chake." Ndinatembenukira kukhoma, ndinkachita ngati ndikufuna chinthu.

Achimwene ndi Abambo anafika masana, onse awiri matope mpaka m'mawondo. Abambo anatsala pansi pa mtengo wa mapichesi uja. Achimwene analowa okha, wailesi ili kumsana m'thumba lake la feteleza. Usiku umodzi wokha anali atakalamba.

Mayi Callista anayesa kudzuka, maso akuwala. "Mwabwera, a Laimoni. Abambo ayankha? Tsegulani ndimve."

Achimwene anagwada pakhomo pomwepo. Ine ndinati, "Nenani, achimwene. Nzeru inali yanu." Ndiye ananena. Sanabise kanthu, sanaloze a Yakubu chala, sananamizire mvula. Anati kulapa kwa pa kaseti kulibe, analakwitsa. Anati Abambo abwera okha, ali panja. Kenako ananena za mabatire, za khonde, za tsiku la msika.

Mayi Callista anafinya korona uja m'manja.

"Anamva ndani?" amayiwo anafunsa.

"Onse amene anali pakhonde, amayi. Ndi amayi a kuno a mbatatesi."

Anatembenukira kwa ine. "Stelia, nawenso?"

Ndinagwetsa nkhope. Iwo anayang'ana kukhomo kumene alendo aja ankadzera, anazindikira chimene chinawabweretsa. Anakoka mpango woyera uja pang'onopang'ono n'kudziphimba kumaso. Munthu amene mudzi wonse unkamuopa maso, anabisa maso ake kwa ife ana amene anatilera. Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe, ndi achimwene anga omwe.

Patapita nthawi mawu anatuluka pansi pa mpangowo. Sanatinso a Laimoni.

"Iwe Laimoni. Iweyo unamva?"

"Ayi, amayi. Ndinatseka makutu."

Ine ndinalephera kudzigwira. "Anatseka makutu m'malo motseka wailesi! Anaima pakhonde n'kumaimba, amayi, n'kumaimba!"

Pansi pa mpango panamveka kaphokoso, sindikudziwa ngati kanali kuseka kapena kulira, kenako chifuwa chinawagwira. Atapuma anachotsa mpangowo, anayang'ana achimwene okha, ine osandiyang'ana.

"Ndiye watsala wekha," anatero. "M'mudzi monse muno watsala wekha amene ukundidziwa monga ndinalili dzana. Pa maliro anga mbiri yanga ukanene ndiwe. Wina aliyense akaimirira, pakamwa pazinena zina, mumtima muli zija."

Achimwene anayamba kulira ngati mwana. Anati sangathe, anati auza kale Abambo kuti utsogoleri ausiya, sangaimenso pamaso pa anthu.

"Ukaima," amayiwo anatero. "Ine ndagona pano anthu akubwera kudzandionera. Iwe ungalephere kuima? Tuluka, aitane Abambo. Chinthu chakocho upite nacho kutsidya kwa mtsinje."

Abambo analowa. Tonse tinapita kutali, popanda woimba. Anakhalamo nthawi yaitali. Mayi Callista analapa, anadzozedwa mafuta, analandira Ukaristia. Chimene ankaopa kufa alibe anachipeza. Koma kuyambira tsiku limenelo sanalolenso mlendo kulowa m'nyumba mwawo, ndipo ine ndikamawapatsa phala ankalandira akuyang'ana kumbali.

Lamulungu lotsatira Abambo anali atasiya mawu oti awerengedwe, okumbutsa kuti wonena zimene anamva akuchimwa tchimo lalikulu. Anthu anamvera ataweramitsa mitu. Sanasiye kunong'ona, anangochepetsa mawu.

Ndiye kunabwera nyuzipepala. Pakhonde paja panali munthu wina wotumiza nkhani ku timapepala ta ku Blantyre. A Yakubu ataliona tsambalo anakana kukulungira katundu, analitentha. Koma linafika ndithu, litakulunga usipa wa munthu wina. Nthawi imeneyo Neno inali idakali pansi pa Mwanza, ndiye mutu wake unali wakuti Akatolika a ku Mwanza ayamba kutumiza machimo pa kaseti. Pansi pake anajambula kamunthu ka mimba yaikulu, zala m'makutu, kukamwa yasa. Anyamata analibweretsa mapemphero atatha, pa nthawi yomwe ija ya nkhani zodabwitsa.

"Atsogoleri, lero simutiwerengera?"

Achimwene analandira pepalalo, anaona chithunzicho, makutu awo anachita kuoneka kuti akutentha. Analipinda msangamsanga. Anati, "Sindiwerenga. Mwina alembamo zimene amayi aja ananena." Ine ndinali nditaliwerenga kale. Za amayiwo munalibe, monse ankaseka iwo. Sindinawauze, ndinali ndidakali ndi mkwiyo. Atafika kunyumba anatulutsa mapepala onse a pansi pa mphasa n'kupatsa mlamu wanga kuti azisonkhera moto. Wailesi anaipereka ku kwaya, sanaikhudzenso.

Mayi Callista anamwalira Pasaka itangodutsa. Abambo anali ku nthambi ina kutali, mwambo unagwera achimwene monga kale. Anthu anabwera ochuluka, ndi a midzi ina omwe, ndipo ndikudziwa kuti si onse anabwera kudzalira. A Yakubu anakwera phiri lonseli, anakhala kumbuyo ndi amuna anzawo, chipewa chawo choyera chili kumutu.

Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, achimwene anaimirira. Wina kumbuyo anati, "Awo a kaseti awo," ena n'kuseka chamumtima. Ine ndinamva ngati andithira madzi otentha. Achimwene anamva, koma anayamba.

Ananena kuti amayi awa ndiwo anagwira dzanja lawo lamanja n'kuliyendetsa pamphumi, pamtima ndi m'mapewa. Ananena za nsalu za pa guwa, kuti chibadwire sanazionepo zili ndi banga. Ananena za chaka chimene amayi athu anadwala, mayi Callista n'kuwabereka kumsana mpaka kuchipatala. Anatchula odwala amene anawasambitsa, mayina awo mmodzimmodzi, ena abale awo ali pompo. Sanakometse kanthu, ankangonena zimene ankadziwa, ndipo ankazinena ndi mtima wonse chifukwa zina sankazidziwa. Ndinayang'ana anthu. Amayi a mbatatesi aja anali ataweramira m'zitenje. Amuna ankakanda pansi ndi timitengo. Pa khamu lonselo, amene ankatha kuyang'ana bokosi lija anali munthu mmodzi, yemwe uja anaulutsa chinsinsi chake pa msika.

Pomaliza anati, "Amayi awa ndinawalakwira ine, nonse mukudziwa. Iwo sanandilakwirepo." Anakhala pansi. Palibe anasekanso.

Utsogoleri anausiya chaka chomwecho, ngakhale Abambo anawapempha kuti apitirize. Lero ndi nkhalamba ya imvi, amalima mbatatesi zawo, m'tchalitchi amakhala benchi ya kumbuyo. Adzukulu anawagulira foni, ili m'chitini pamodzi ndi mbewu ya nyemba. Dzina lakuti a Kaseti silinawachoke, ndipo akaitanidwa choncho amayankha.

Mpaka lero sakudziwa. Pamakhala anthu ena opanda nzeru, makamaka akalawa kachasu, amene amawapeza n'kuyamba kuti, "Koma a Laimoni, mukudziwa kuti mayi uja kalekale..." Achimwene sadikira. Amaika khasu pansi, zala m'makutu, n'kumapita akuimba nyimbo yawo ya Lenti ija, ngakhale pa Khirisimasi. Ana amawatsatira akuseka. Ine ndimatsala ndi woyambitsayo, ndipo amachoka atamva zonse za kwawo.

Ndinakhala nawo chakukhosi zaka zambiri, ndipo pena chimabwerabe. Koma ndikuuzeni chimene chimandipweteka kwambiri. Mayi Callista ndinkawakonda, ndinawasambitsa ndi manja angawa. Komabe ndikawakumbukira, chimene chimayamba kufika m'mutu mwanga ndi chija ndinamva pa chitsime, ndipo ndimachita kuchikankha kuti ndiwaone iwo. Tsiku lina tikupalira manda awo ndinafunsa achimwene kuti iwo amakumbukira chiyani. Anaganiza pang'ono, anati fungo la simbi ya makala pa nsalu za pa guwa, n'kupitiriza kuzula udzu.